Mtsempha wa Telala wa ku Tengani

Pamsika wa Tengani, munthu akafunsa kosoketsa diresi ankamulozera pakhonde la golosale yoyandikana ndi chigayo, n'kumuuza kuti, "Pitani kwa Amanzere." Dzina lake linali Esinala Jeremiya, koma anthu ankamutchula ndi dzanja lomwe ankagwirira sizasi. Ali mwana, aphunzitsi anayesa kumuwongola ndi lula, mayi ake nawo ankamumenya kadzanjako akakatambasulira m'mbale, koma zonse zinapita pachabe. Anakula akulemba, kudula nsalu ndi kulowetsa ulusi pasingano ndi manzere. Makina ake osokera anali opalasa ndi mapazi, omwe bambo ake anawolotsa pabwato pothawa nkhondo ku Mozambique. Pamakina amenewo anasoka mayunifolomu a sukulu zitatu, zovala za kwaya ndi madiresi a maukwati osawerengeka. Mwamuna wake Goodwell ankalima thonje ndi mapira, n'kumaweta mbuzi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Loyce, anali atakwatiwa ku Bangula.

Matenda anayambira kumapazi. Chaka cha 2021, ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, Esinala anaona kuti masilipasi akumuthina. Anati ndi kukhala pamakina tsiku lonse. Kenako nkhope inayamba kutupa m'mawa, chakudya chinkamuchititsa mseru, ndipo akapalasa makina pang'ono ankapuma ngati wathamanga. Matenda othamanga magazi anali nawo chibadwire Loyce, koma mankhwala ankamwa mutu ukawawa basi. Kuchipatala cha paboma ku Nsanje anamuyeza magazi, ndipo tsiku lomwelo anamukweza ambulansi ya ku Blantyre.

Kumeneko anamuuza osapsatira mawu kuti impso zake zonse ziwiri zasiya kugwira ntchito. Kuti akhale ndi moyo ankayenera kulumikizidwa kumakina osefa magazi kawiri pasabata, Lachiwiri ndi Lachisanu, maola anayi ulendo uliwonse, moyo wake wonse. Anamulowetsa chubu pansi pa khosi, nthambi zake ziwiri zikulendewera pachifuwa, imodzi yotulutsa magazi, ina yobwezera.

Kuchoka ku Tengani kawiri pasabata sikukanatheka. Mng'ono wake Anita, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi pa Dyeratu ku Chikwawa, ndiye anathetsa nkhaniyo.

"Mana, mukhala kwa ine," anatero Anita, kumuitana monga amaitanirana a kwawo kutsidya. "Pano minibasi mukwerera pakhomo. Alamu asamale mbuzi zawo, azibwera akapeza mpata."

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuchigwa limaotcha ngakhale munthu ali mumthunzi. Anamwino anamuuza kuti pachubupo pasanyowe, pulasitala asamatule, ndipo madzi akumwa asapitirire botolo limodzi patsiku. Koma thukuta silimva malamulo. Pofika masana pulasitala ankakhala atamatuka m'mbali, fumbi la mumsewu likumatirira pomwepo. Esinala, mayi amene ankasamba katatu patsiku, tsopano ankangodzipukuta ndi kansalu. Tsiku lina kutentha kutamukwana anadzithira kapu imodzi yamadzi paphewa, n'kudziuza kuti kamodzi sikangalakwe kanthu. Mawa lake anathira makapu awiri.

Sabata yotsatira, atangomulumikiza kumakina, anayamba kunjenjemera mpaka bedi linkagwedera. Thupi linatentha, mano akuombana. Tizilombo tinali titalowera pachubu n'kufika m'magazi. Anagona m'wodi milungu itatu, ndipo masiku anayi oyamba sankamuzindikira ngakhale Anita.

Atatsitsimuka, panabwera namwino wamkulu wa kuchipinda chosefera magazi, Sista Ethel, mayi wamfupi wolankhula mosazungulira. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mayi Jeremiya, kodi munanyowetsa chubu chija?"

Esinala anayang'ana pansi. "Ndinathira madzi, Sista. Kwathu kumatentha."

"Ndikukudziwa kwanu, ndinagwirako ntchito. Mwachita bwino kunena zoona. Chubu ndi khomo losatseka lolowera mumtima mwanu, ndipo sichikhalitsa. Adokotala akufuna akupangireni fistula."

Esinala anadzuka n'kukhala tsonga. Fistula ankaidziwa. Anali atamva pawailesi, ndipo ankamudziwa mayi wina wa ku Malemia amene anavulala pobereka, mkodzo n'kumangotuluka wokha, mpaka anasiya kupita kutchalitchi.

"Sista, impso zafa, ndiye mukufuna mundionjezerenso matenda ena? Nkhabe! Ndakana."

Sista Ethel anaseka mpaka anapukuta misozi, kenako anapepesa. "Si imeneyo, mayi. Dzina lokha ndiye lofanana. Iyi ndi yapamkono." Anamugwira dzanja n'kumuonetsa pamene anthu amavala wotchi. "Apa pali mitsempha iwiri. Wina uli mkati, umabwera ndi magazi mwamphamvu kuchokera kumtima. Wina ndi uwu ukuoneka pamwambawu, wobwerera. Adokotala amaisokerera pamodzi. Wapamwambawu umakula, umalimba, ndiye ife timabaya pamenepo masingano awiri. Tikamaliza timazula, khungu limatseka. Mudzasamba mmene mukufunira."

Mawu akuti kusokerera anamukhazika mtima pansi. Anafunsa za ulusi wake, ngati umasosoka, ndi kuti msokowo umakhala wautali bwanji. Sista Ethel anayankha zonse.

Madzulo asanafike Esinala anaimbira foni mwamuna wake. Netiweki ya ku Tengani inali yodukaduka, ndipo Goodwell anangomva kuti mkazi wake akupita kufiyeta chifukwa cha fistula. Anali pagolosale, ndipo anabwereza mawuwo mokweza kuti atsimikize. Pofika Lamlungu msika wonse unali utamva kuti Amanzere ali ndi matenda a amayi aja, n'chifukwa chake akubisala ku Chikwawa.

Tsiku la opaleshoni, dokotala wachinyamata anabwera ndi cholembera n'kuyamba kulemba mzere pamkono wamanzere.

"Adokotala, mukutani?"

"Timapanga kumkono umene munthu sagwiritsa ntchito kwambiri, mayi."

"Ndiye mwalakwitsa mkono. Ine ndimadyera uwu." Anatenga sizasi yomwe inali pathebulo la anamwino, n'kudula kabandeji mowongoka bwino ndi manzere. Dokotalayo anafufuta mzere uja, anayeza mitsempha yakumanja, n'kupeza kuti ili bwino.

Patatha masiku awiri, Sista Ethel anatenga zala za Esinala n'kuziika pafupi ndi bala. Pansi pa khungu panali kanthu kakunjenjemera mosalekeza, ngati mmene thabwa la makina osokera limachitira munthu akamapalasa mothamanga.

"Mwakumva? Kumeneku muzikufufuza m'mawa, masana ndi madzulo. Kukasiya, musadikire tsiku la makina, bwerani tsiku lomwelo. Mkono uwu asakuyezenipo BP, asakubayenipo jakisoni, asatengepo magazi, ngakhale atakhala dokotala wamkulu bwanji. Musaugonere. Ndowa musanyamulire. Chibangili, wotchi, malaya othina, zonsezo ayi."

"Ndamva, Sista."

"Chubu chija munatinso mwamva."

"Ulendo uno ndamvetsa," anatero Esinala.

Anamuuza kuti azifinya kampira kuti mtsempha ukhwime. Kampira analibe, choncho anasoka kake ndi zigamba, n'kuikamo thonje lomwe Goodwell anabwera nalo. Ankafinya ali pakhonde la Anita, ankafinya m'minibasi pokwera mapiri a Thabwa, ankafinya pamzere kuchipatala. Mabulauzi ake onse anawasosola mkono wakumanja, kuchotsa lasitiki n'kuwakulitsa. Pogona ankaika pilo pambali kuti asagubudukire kumanja. M'minibasi ankalimbirana mpando wapawindo lakumanja kuti pasakhale womupanikiza ndi katundu, ndipo makondakitala a pa Dyeratu anafika pomuzolowera n'kumamusungira. Patatha milungu isanu ndi itatu mtsempha unatukuka ngati chingwe. Anabaya koyamba, magazi anayenda bwino, ndipo sabata yachitatu anamuchotsa chubu. Bala litangouma anasamba ndowa ziwiri, Anita akumutungira.

Za mphekesera za ku Tengani anazimva kwa Loyce, amene anabwera akulira kuti apongozi ake akumufunsa. Goodwell anali atayesa kufotokoza koma anthu ankati akubisa. Esinala anaganiza zokawayankha yekha. Lachisanu lina atatsika kumakina anapumula, Loweruka anakwera basi ya ku Nsanje, ndipo Lamlungu analowa m'tchalitchi chake. Anaona amayi awiri akusendera kutali pabenchi. Nthawi ya zolengeza itakwana anaimirira n'kupinda mkono wa bulauzi.

"Abale anga, ndamva kuti mukundidandaula. Takhuta, zikomo. Fistula yanga ndi iyi, ili pamkono, ndipo anachita kundipangira adokotala kuti ndizisefera magazi. Amene akufuna abwere adzagwire, koma mosafinya." Anayang'ana pabenchi paja. "Koma ndifunse. Ikanakhala inayo, yobwera pobereka, mukanandithawa? Nayonso ndi yochizika. Amene ali nayo tizimuperekeza kuchipatala, osati kumusendera."

Kenako mayi wina wachikulire ananyamuka, anagwira mkonowo ndi chala chimodzi, n'kudumpha. "Mayo! Muli injini!" Anthu anaseka, ndipo pomaliza mapemphero panali mzere.

Ulendo umenewo anabwerako ndi makina ake osokera pamwamba pa basi. Anawaika pakhonde la Anita, pambali pa tomato. Makasitomala a pa Dyeratu sanachedwe kumudziwa. Kunyamula mutu wa makina kapena simbi yamakala ndi dzanja lamanja ankakana, ankayembekeza Anita. Chaka chimenecho ndi chotsatira zinayenda. Asanabayidwe ankatsuka mkono ndi sopo, ndipo ankakumbukira yekha pamene anabaya ulendo watha, n'kuuza namwino kuti asunthe pang'ono, pasabooke malo amodzimodzi. Akazula masingano ankapanikiza ndi thonje mphindi khumi zathunthu akuyang'ana wotchi yapakhoma. Nkhanambo zikamayabwa ankaluma mlomo, osakanda.

Mu Okutobala wa 2023 anatsegula m'mimba. Linali Loweruka. Pofika masana anali atafooka moti ataimirira anagwa. Anita ndi Goodwell, amene anali atabwera kudzacheza, anamukweza njinga yamoto kupita kukachipatala kena kapafupi. Wachipatala wapantchito anali ndi odwala ambiri, ndipo anangogwira mkono umene unali pafupi n'kuyamba kukulunga lamba woyezera BP. Esinala ankaona zinthu ziwiriziwiri, koma anaukoka mkonowo n'kuubisa pamimba.

"Osati uwu."

"Mayi, musativute, anthu ndi ambiri."

"Uwu uli ndi fistula ya makina a impso. Yezani kumanzere. Dilipi muike kuseri kwa dzanja, osati m'mwamba mwa mkono."

Wachipatalayo anayang'anitsitsa mtsemphawo, anapepesa, n'kuchita monga ananenera. BP inali itatsika kwambiri. Anamupatsa madzi pang'ono mosamala, ndipo dzuwa lisanalowe anabwerera kunyumba. Atagwira pamkono, kunjenjemera kunalipo koma kwapansipansi.

Lamlungu m'mawa anaika zala pamalo paja. Panalibe kanthu. Anasuntha zala m'mwamba, m'munsi. Anaika mkono kukhutu. Mtsempha unali gwa ngati kamtengo. Anayamba kuvala.

"Mayi a Loyce, mukupita kuti?" anafunsa Goodwell.

"Ku Blantyre. Wasiya."

"Lero Lamlungu. Dzulo lomweli mumagwa. Dikirani Lachiwiri, ndi mkuja yemweyu."

"Anati tsiku lomwelo. Ngati mwatopa, bambo a Loyce, khalani, ndipita ndi Anita."

Goodwell anavala nsapato. Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo itafika pakati pa mapiri injini inatentha n'kuzima. Anthu anatsika kukakhala pamiyala. Esinala anaimitsa lole yamakala, ndipo woyendetsa ataona mmene analili anamukweza kutsogolo, Goodwell n'kukwera pamwamba pa matumba. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka.

Dokotala anapima ndi kamakina kounikira mitsempha, n'kupukusa mutu. Magazi anali ataundana pamsoko pomwe, chifukwa cha kutsika kwa BP kuja. Anayesa zimene akanatha koma sunatseguke. Lolemba anamubwezera chubu pakhosi.

Esinala analira, kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawa. Sista Ethel anamupeza atatembenukira kukhoma.

"Ndalakwa pati, Sista? Zonse munanena ndinachita."

"Simunalakwe. Imatseka ngakhale kwa wosamala. Mwaisunga pafupifupi zaka ziwiri, ndipo chifukwa simunalole aliyense kubaya mkono umenewu, mitsempha yam'mwambayi idakali yabwino. Pali poyambira."

Goodwell ndiye anali atatheratu. Anakhala pampando wa pambali pa bedi, chipewa chili m'manja, makala akadali m'makwinya a malaya.

"Mayi a Loyce, akuchekani kokwanira. Chubu chimenechi chinatsala pang'ono kukuphani. Tiyeni kwathu, mukapume. Zimene Mulungu wakonza zichitike muli pakhomo panu."

"Mukundiuza kuti ndikafe."

"Sindinatero."

"Mwatero. Ndikasiya makina sindimaliza milungu iwiri, mukudziwa. Ine sindinatope. Tsiku limene ndidzatope ndidzakuuzani ndekha, simudzachita kundifunsa." Anamugwira bondo ndi dzanja lamanzere. "Inu pitani mukabzale. Mvula ikagwa munda usakhale wopanda mbewu chifukwa cha ine."

Dokotala anati fistula yachiwiri akhoza kuipanga padzanja lamanzere kapena popindira mkono wamanja womwewo. Esinala anasankha wamanja. Anamupanga mu Novembala, ndipo anayambiranso kufinya kampira.

Chinatsala ndi chubu, m'nyengo yotentha yomwe ija. Ulendo uno anakonzeka. Anasoka timalaya tam'kati tinayi ta nsalu yopepuka, kalikonse kali ndi kathumba pachifuwa kosungiramo nthambi za chubu kuti zisalendewere n'kumakoka pulasitala. Anakaonetsa Sista Ethel asanavale, ndipo Sista anavomera, bola kazichapidwa ndi kusitidwa tsiku lililonse. Makina anawachotsa pakhonde la kumsewu n'kuwaika kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa nimu, kutali ndi fumbi. Ankasoka m'mawa, dzuwa likakwera n'kusiya. Posamba ankayambira m'chiuno kutsika, kumtunda ankapukuta, Anita atagwira thaulo louma pakhosi. Pulasitala akayamba kumatuka sankamugwira ndi zala, ankakwera minibasi kuti anamwino akasinthe, ngakhale lisali tsiku lake. Ludzu likamuvuta ankayamwa kachidutswa ka ayezi. Milungu khumi inatha osatentha thupi ngakhale kamodzi. Kumapeto kwa Januwale anabaya mtsempha watsopano, ndipo unagwira.

Odwala anzake anaona timalaya tija n'kuyamba kupempha. Anasokera amayi asanu ndi abambo atatu. Kenako Sista Ethel anayamba kumukhazika pafupi ndi odwala atsopano, makamaka ochokera kuchigwa amene Chisena chawo chinkawavuta anamwino.

Mmodzi wa iwo anali Sebastiano, bambo wamtali wa ku Nchalo amene anadula nzimbe zaka makumi awiri. Anali ndi chubu pakhosi miyezi isanu, ndipo kawiri konse anathawa tsiku la opaleshoni. Lachiwiri lina mabedi awo anayandikana.

"Achimwene, ndamva kuti mukuthawa kufiyeta," anatero Esinala.

"Mayi, ine ndine wa chikwanje. Akandicheka mkono ndidzagwira chiyani?"

"Chikwanje mumagwira ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Ndiye adzacheka lamanzere. Nanga panopa, ndi chubu pakhosipo, mukudula nzimbe?"

Sebastiano anapukusa mutu.

"Mwasamba liti thupi lonse?"

"Chaka chatha," anatero bamboyo motsitsa mawu, n'kuyang'ana kumbali.

Esinala sanamunamize. Anamuuza kuti masingano ake ndi aakulu ndipo amawawa, makamaka poyamba. Anamuonetsa chipsera cha fistula yoyamba n'kumuuza mmene inatsekera. Anamuuzanso za milungu itatu imene anagona m'wodi chifukwa cha makapu atatu amadzi. Analankhula m'Chisena, pang'onopang'ono, makina awiriwo akulira pakati pawo. Sebastiano anamvetsera mpaka nthawi inatha, koma sanalonjeze kanthu. Lachisanu anafunsa ngati munthu wa fistula angapalase njinga. Lachiwiri linalo anafunsa ngati angagwire khasu laling'ono m'dimba. Esinala anamuuza kuti zimenezo afunse adokotala iye ali pomwepo, ndipo anaitana dokotala n'kumasulira yekha.

Patapita mwezi, Esinala anafika Lachisanu n'kupeza bedi loyandikana nalo lili ndi munthu wina. Anaopa, chifukwa m'chipinda chimenecho bedi likasintha mwini nthawi zambiri uthenga wake sukhala wabwino. Atangomulumikiza, pakhomo panasuzumira mayi wina wovala chitenje cha mpingo, akufunsa za telala wa pa Dyeratu.

"Ndine Evelesi, mkazi wa a Sebastiano. Alowa kufiyeta dzulo. Ali kuwodi, akuti ndikuuzeni kuti sanathawe."

"Pyadidi, achita bwino! Adokotala akuti bwanji?"

"Akuti zayenda bwino. Koma bambowo akudandaula kuti malaya awo onse ndi othina m'mikono."

"Alipo angati?"

"Atatu, ndi jekete la kutchalitchi."

"Mubwere nawo Lachiwiri," anatero Esinala. "Jeketelo musaiwale, ndilo lovuta kusosola."